Mwala wa Pamalo a Khumi

Pakhomo pa amayi pali mwala umene umagwira chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Ndi wotuwa, wophwatalala mbali imodzi, ndipo munthu wamkulu amaunyamula ndi dzanja limodzi pamene mwana amafuna manja awiri. Pakati pake pali kamzera koyera kozungulira ngati mkanda, ndipo kamzera kameneko ndiko kanali chizindikiro cha nyumba yathu. Alendo amaukankha ndi phazi osadziwa chimene akukankha. Ine phazi langa silinaukhudzepo.

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi ili: kodi anapha mjigo wa kwathu ndani? Kwa zaka zambiri anthu a m'mudzi mwathu akhala akunena kuti anaupha ndi a kutsidya, ndipo a kutsidya amati anaupha ndi amalume. Ine ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndili mtsikana wa zaka khumi, ndipo nditakula ndinaphunzira ntchito ya madzi mpaka kulandira dipuloma. Ndiyesa kuika zinthu m'ndondomeko yake, chifukwa mlandu umene sunasanjidwe bwino umangogwera amene waima pafupi.

Mudzi wathu uli kummwera kwa msewu waukulu, pakati pa Sinda ndi Katete, ndipo masiku amenewo Sinda inali isanakhale boma payokha. Kumbuyo kwa mudzi kuli kamtsinje kamene kamayenda miyezi itatu yokha pa chaka. Mudzi wa tsidya lina la kamtsinjeko tinkangoutcha kutsidya, ngakhale m'chilimwe pamene munthu ankawoloka osanyowa chala. Sitinali adani. Tinkakwatirana, tinkathandizana maliro, ndipo ana awo ndi ife tinkakhala pa benchi imodzi kusukulu. Mjigo unali umodzi wa midzi yonse iwiri, ndipo unaima mbali yathu, mapazi ochepa kuchokera m'mphepete mwa kamtsinje.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye. Pofika Ogasiti zitsime za kudambo zinali zitasanduka mayenje a matope ong'ambika, ndipo pofika Okutobala nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, mapiko ali lende. Nyengo imeneyo ndimaikumbukira ndi mphuno kuposa maso: fumbi, thukuta la anthu osasamba mokwanira, ndi utsi wa tchire limene linkapsa kumapiri. Madzi otsukira mbale tinkasambira m'mapazi, otsala n'kupatsa mbuzi.

Mjigo sunaume, koma unatopa. M'mawa unkapereka madzi oyera ndi ozizira. Ukadzaza ndowa pafupifupi makumi anayi, mkono wake unkapepuka, m'paipi munkamveka kutsokomola, kenako madzi ankatuluka ofiira, onunkha dzimbiri, mpaka kusiyiratu. Pamenepo amayi ena achikulire amene ankasunga kiyi ankaumanga ndi tcheni kuti upume mpaka m'mawa mwake. Nyumba iliyonse inkaloledwa ndowa ziwiri. Choncho nyumba makumi awiri zinkamwa tsiku limenelo, ndipo nyumba khumi ndi zitatu zinkabwerera ndi ndowa zolira.

Kuti anthu asamachezere pamjigo podikira, azimayi a midzi iwiriyi anapangana za miyala. Nyumba iliyonse inali ndi mwala wake wodziwika: wina wopakidwa utoto, wina womangidwa kansalu, wina wosemedwa mtanda. Mzere wa mawa unkayamba pamene belu loweruka la kusukulu lalira, chifukwa chitsulo chimenecho ndicho chokha chinkamveka m'midzi yonse iwiri nthawi imodzi. Aliyense ankaika mwala wake kumbuyo kwa umene waupeza, motsatira ngalande ya simenti, n'kumapita kwawo. Panalibe mlonda. "Mwala ndi munthu," ankatero azimayi, ndipo ana tinkauzidwa kuti wokhudza mwala wa mnzake dzanja limatupa mpaka kuphulika. Kwa akuluakulu chilango chinali china: nyumba imene yasuntha mwala inkaletsedwa kutunga masiku asanu ndi awiri.

Ndikaliyang'ana lero dongosolo limeneli, ndimaona kuti linali lanzeru kuposa malamulo ambiri amene ndawerengapo m'maofesi. Silinafune pepala kapena wodziwa kulemba. Koma linali ndi chofooka chimodzi. Popeza mzere unkayamba ndi belu la kusukulu, ntchito yothamangira kukaika mwala inagwera ana, ndipo moyo wa nyumba makumi atatu ndi zitatu unatsamira pa liwiro ndi mantha a ana a zaka khumi.

Masiku asanu ndi awiri opanda mjigo ankatanthauza ulendo wa kumtsinje waukulu, maola atatu kupita, kumene anthu ankafukula mchenga ndi mbale n'kudikira kuti madzi asonkhane. Ng'ombe zinkamwa pomwepo, ndipo madziwo ankanunkha mikodzo yake. Abambo anali atapita ku Lusaka kukafuna ganyu. M'nyumba tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wa miyezi isanu ndi itatu, amene anali atayamba kumwa madzi a m'kapu chifukwa mkaka wa amayi unali kuchepa. Amayi ankanena mawu amodzimodzi tsiku lililonse pondipatsa mwala kuti ndiuike m'thumba la mabuku: "Uyu asalawe a kumchenga." Zonse zimene ndinachita pambuyo pake zinachokera m'mawu amenewo.

Ndinali wothamanga, ndipo kawirikawiri mwala wathu sunkapitirira malo a khumi ndi asanu. Koma kusukulu kunali lamulo lakuti Lachitatu lililonse mwana aliyense abwere ndi botolo la madzi owazira pansi m'kalasi, kuti fumbi lisatitsamwitse. Lachitatu limenelo amayi anakana. Anati sangathire pansi madzi amene mwana angamwe. Belu litalira, anzanga anatuluka ngati njuchi, koma ine ndi ena anayi aphunzitsi anatiimitsa kuti tisese bwalo lonse. Ndinagwada n'kuwauza za mwala umene unali m'thumba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Lamulo silimva ludzu." Kwa zaka zambiri ndinawada chifukwa cha mawu amenewo. Lero ndimadziwa kuti nawonso anali ndi mwala pamzere womwewo, ndi kuti munthu amene zinthu zonse zikumupulumuka amagwiritsa kwambiri kalamulo kamodzi kamene katsala m'manja mwake.

Ndinafika pamjigo dzuwa litapendeka. Panalibe munthu, koma mbuzi ziwiri zimene zinkanyambita simenti. Ndinawerenga miyala kawiri. Inali makumi atatu ndi iwiri, ndipo wathu ukanakhala womaliza. Ndinaima nthawi yaitali, thumba likundilemera paphewa. Kenako ndinayenda motsatira ngalande mpaka pamalo a khumi, pamene panali mwala wakuda womangidwa kansalu kobiriwira. Ndinkaudziwa. Unali wa mayi wina wa kutsidya amene analibe mwana wa sukulu, kotero kuti ankasiya ntchito zake n'kubwera yekha kudzadikira belu pamjigo. Ndinasankha wake chifukwa anali wa kutsidya, ndiponso chifukwa ndinaganiza kuti analibe mwana amene angandinenere. Ndinaunyamula ndi manja awiri. Unali wotentha ndi dzuwa. Ndinakauika kumapeto, ndipo pamalo pake ndinaikapo wathu.

Kunyumba amayi anali akupeta. Sanadzutse mutu.

"Waika?"

"Ndaika."

"Pati?"

"Pabwino."

Anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana ine, n'kupitiriza kupeta. Madzulo onsewo ndinkangopima manja anga, kuyerekeza lamanja ndi lamanzere. Sanatupe. Ndimakumbukira kuti ndinasangalala, ndipo ndinaganiza kuti ndatulukira chinsinsi chimene akuluakulu ankabisira ana.

M'mawa tinapita tonse atatu. Amayi anayamba kufunafuna mwala wathu kuchokera kumapeto kwa mzere, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kutsogolo. Atafika pamalo a khumi anaima. Anatula ndowa, anamasula mlongo wanga kumsana kwawo n'kumubereka kumsana kwanga, ndipo anamanga mbereko mwamphamvu mpaka mpweya unandichepera. "Usamumasule," anatero, "ngakhale alire." Kenako anachotsa nkhata kumutu, anaiponya m'ndowa, n'kumanganso chitenje chawo m'chiuno, mfundo ziwiri.

Mayi wa kutsidya uja anafika ndi zigubu ziwiri zomangidwa pa chingwe. Anali wamtali, wowonda, milomo itang'ambika. Pambuyo pake ndinamva kuti masiku awiri otsatizana apitawo anafika mochedwa, mwala wake n'kugwera kunja kwa makumi awiri, ndi kuti kunyumba kwake kunali apongozi ake odwala amene ankadziipitsira pamphasa. Anayang'ana pamalo a khumi, anayang'ana kumapeto kwa mzere, n'kutembenukira kwa amayi.

"Dzulo pano panali wanga. Ndinauika ndekha belu lisanathe kulira."

"Mwina munawerenga molakwa, anzanga," anatero amayi. "Dzuwa la masiku ano likuzunguza mitu."

"Wanga suzungulira. Funsani kamwana kanuko."

"Mwana mumusiye. Muli ndi mawu, lankhulani ndi ine."

Amayi osunga kiyi anafunsa mwini wa mwala wa pamalo a khumi ndi limodzi kuti dzulo anapeza wa yani patsogolo pake. Anali wa m'mudzi mwathu. Anayang'ana pansi n'kunena kuti mwana wake anangoika n'kupita. Pamenepo azimayi a kutsidya anayamba kutitcha akuba, ndipo wina wa kwathu anayankha kuti wakuba ndi amene amamwa pa nthaka ya eni ake. Aka kanali koyamba kumva munthu akunena kuti mjigo ndi wathu. Mawuwo atangotuluka, mzere unasweka, anthu n'kuima magulu awiri.

Mayi uja anamenya ndowa yathu ndi phazi, ndipo inagubuduka ikulira pa simenti. Amayi anamugwira duku pamodzi ndi tsitsi. Anagwera limodzi m'ngalande, ndipo ena onse analowerera. Ndinaona ndowa yachitsulo ikutera pamutu pa mayi wina wokalamba, ndinaona wina akulavula kachidutswa ka khutu la mnzake, ndinaona mabere pamtunda ndi zitenje pansi. Azimayi amene ndinkawaona akuimba limodzi pa maliro ankapondana pakhosi. Mlongo wanga ankalira kumsana kwanga, ndipo mkodzo wake wofunda unatsika m'miyendo mwanga.

Kenako mayi wa kutsidya anadzuka m'gulu lija, magazi ali m'mano, mwala wathu uli m'dzanja. Sanayang'ane wina aliyense. Anabwera molunjika kwa ine. "Bwera udzatenge mwala wako," anatero, ndipo mawu ake anali otsika. Sindinathawe. Anakweza dzanja. Pamenepo mutu wa mlongo wanga unasuzumira paphewa panga, ndipo dzanja lija linaima m'mwamba. Amayi anamudumphira kumsana n'kumuzika zikhadabo m'khosi. Iye anatembenuka, ndipo dzanja limene linali kale m'mwamba linatsikira pankhope pa amayi.

Phokoso lake linali ngati la dzungu logwa pa ngolo. Amayi anakhala pansi, osalira, manja onse awiri ataphimba mbali ya kumanzere ya nkhope, ndipo magazi ankatuluka pakati pa zala n'kutsata ngalande, kudutsa miyala imene inatsala pamzere. Ndewu inatha yokha. Mayi uja anagwetsa mwala, anasiya zigubu zake, n'kuwoloka kamtsinje akuyenda ngati munthu wa kutulo. Mbuzi zija zinabwerera kudzanyambita simenti.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo kwathu magazi a mkazi amafunsidwa kwa mlongo wake, osati kwa mwamuna wake. Anawanyamula amayi pa ngolo mpaka kumsewu waukulu, kumene anapeza galimoto yopita kuchipatala ku Katete. Mwala anautola okha, anaukulunga m'thumba la feteleza n'kuusunga kuti ukhale umboni. Tsiku lotsatira apolisi anabwera kudzatenga mayi wa kutsidya. Tsiku lachitatu amalume anabwerera ndi uthenga wakuti diso lachotsedwa. Anakhala pakhonde osavula nsapato, ndipo ananena mawu amene anthu amawakumbukirabe: "Magazi a mlongo wanga si madzi otsukira mbale."

Anali munthu wofatsa, woweta nkhunda, amene sanandikwezerepo mawu. Masana a tsiku lomwelo anawoloka kamtsinje ndi amuna asanu ndi mmodzi, atanyamula mipini ndi zikwanje. Anapeza mwamuna wa mayi uja ali kukhola. Anamumenya mpaka mkono unathyoka pawiri, ndipo ng'ombe zake ziwiri zolimira anazitema mitsempha ya miyendo yakumbuyo. Sindinaone, koma ndinamva. Ng'ombezo zinalira masana onse, kulira kokoka kumene kunkawoloka kamtsinje n'kulowa m'nyumba iliyonse, mpaka eni ake anazipha dzuwa likulowa. Amalume atabwerera anapempha madzi osamba m'manja, ndipo ine ndi amene ndinawathirira. Ndinaona ubweya wa ng'ombe utamatirira pa zala zawo.

Iwo ndiwo anaphunzitsidwa kukonza mjigo pamene unkaikidwa, choncho masipanala anali m'nyumba mwawo. M'mawa mwake anamasula mkono wa mjigo n'kupita nawo kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ankaubweretsa m'mawa, amuna atazungulira ndi mipini, kuti a m'mudzi mwathu okha atunge, n'kuuchotsanso. "Adzamwa akadzabweza diso," ankatero. Ndiyenera kulemba chinthu chochititsa manyazi: masiku asanu amenewo madzi anatikwanira koyamba chiyambire Ogasiti. Tinasamba thupi lonse. Azimayi anachapa. Palibe wa kwathu amene anafunsa kuti kutsidya akumwa chiyani.

Aphunzitsi okha ndiwo anayesa. Anapita kwa amalume kukawapempha kuti abweze mkono, ndipo anauzidwa kuti abwerere ku choko chawo. Tsiku lotsatira m'kalasi, mmene mabenchi a ana a kutsidya anali opanda anthu, anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Amene akudziwa zimene zinachitikira miyala Lachitatu, aimike dzanja." Manja anga anali pansi pa ntchafu. Anayang'ana kalasi yonse, ndipo maso awo anaima pa ine. Iwo ndiwo ankadziwa bwino kuposa aliyense nthawi imene anandimasula tsiku lija. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kunena kuti titsegule mabuku a masamu. Ndaganizira kwambiri za kukhala chete kumeneko. Akanalankhula, mwina mkono ukanabwezedwa. Koma akanalankhula, akanapereka mwana wa zaka khumi kwa midzi iwiri imene inali italawa kale magazi. Sindidziwa chimene ndikanasankha ine.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunali kugawa chimanga cha thandizo ku Sinda, ndipo pafupifupi mudzi wonse unapita. Ine ndinatsala ndi mlongo wanga. Dzuwa lili pamutu ndinamva kulira kwa nyundo. Ndinabereka mwana n'kupita kukabisala kuseri kwa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi mjigo. Amuna a kutsidya analipo oposa khumi. Milomo yawo inali yoyera ndi ludzu. Anaphwanya mutu wa mjigo, anadula ndodo yachitsulo ya m'kati, ndipo mapaipi anagwera pansi ndi phokoso limene ndinalimva m'mapazi. Kenako anatola miyala ya pamzere, ya kwathu imene ana anaika dzulo lake, ndi yawo imene anabwera nayo m'matumba, n'kuyamba kuiponya m'dzenjemo umodzi umodzi.

Ndinawerenga, chifukwa ndinali nditazolowera kuwerenga miyala imeneyo. Yoyamba inkatenga nthawi, ikugunda m'mbali, isanamveke patali ikugwera m'madzi. Yotsatira inkamveka ikugunda inzake. Wakuda wa kansalu kobiriwira anauponya ndi mwamuna wa mkono wothyoka uja, ndi dzanja lamanzere. Yonse inali makumi atatu ndi iwiri. Pamwamba pake anathirapo zidutswa za simenti ndi dothi, anapondaponda, n'kuwoloka kubwerera kwawo. Mmodzi anandiona kuseri kwa mtengo. Anaona mwana kumsana kwanga, n'kupitiriza ulendo.

Kuyambira tsiku limenelo midzi yonse iwiri inkapita kumtsinje waukulu, aliyense njira yake, aliyense dzenje lake. Amayi anabwera kuchokera kuchipatala ndi bandeji yozungulira mutu, ndipo patapita masiku anayi anasenza ndowa. Ndi diso limodzi sankathanso kuyeza kutalika kwa zinthu, ndipo ndinkawaona akuthira madzi a ulendo wa maola asanu ndi limodzi pambali pa mtsuko. Ankangoima n'kuyang'ana dothi likumwa. Madzi a mwana tinkawiritsa pamene nkhuni zinalipo. Kumapeto kwa Novembala mlongo wanga anayamba kutsegula m'mimba, liwombo linalowa, ndipo kulira kwake kunasanduka kwa kamphaka. Tinamuika m'manda sabata yoyamba ya Disembala. Patapita masiku atatu mvula inagwa, yamphamvu, ndipo kamtsinje kanadzaza mpaka m'mphepete.

Tsopano ndiyeze zifukwa, monga ndinalonjezera. Nditayamba ntchito ndinafunsa akuluakulu amene anaona mjigowo ukubooledwa. Onse anagwirizana pa zinthu ziwiri. Anabowola mu Epulo, mvula itangotha kumene, pamene madzi a pansi ali pafupi, ndipo makina anaima tsiku lomwelo madzi oyamba atangotumphuka, anthu akululutira. Palibe anabwera mu Okutobala kudzayesa ngati chitsimecho chingapirire chilimwe. Chachiwiri, anauika pamalire kuti midzi iwiri iwerengedwe kuti yalandira madzi ndi dzenje limodzi. Mjigo wokwanira nyumba makumi awiri unaperekedwa kwa nyumba makumi atatu ndi zitatu, ndipo zotsala khumi ndi zitatu zija zinali ndewu imene inkangodikira tsiku. Amuna a kutsidya anautseka, amalume anawapatsa chifukwa, mayi uja anapatsa amalume chifukwa, ndipo aphunzitsi ananditsekera pabwalo. Zonsezi n'zoona. Koma sindidzagwiritsa ntchito maphunziro anga kudzibisa. Mjigo unabadwa wodwala, komabe tsiku lake lofera ndinasankha ndine.

Panapita zaka zisanu ndi ziwiri madzi a pansi asanabwererenso kwathu. Anabowola patali ndi malire, mozama, anaika pampu yoyendera dzuwa ndi thanki pamwamba pa nsanja, ndipo anakoka mipopi iwiri, wina kwathu, wina kutsidya. Ana a masiku ano sadziwa kuti mwala unali munthu. Ine tsopano ndimayang'anira ntchito zotere cha ku Vubwi, ndipo obowola amandidziwa ngati mayi wovuta, chifukwa sindisaina pepala la chitsime chimene sichinayesedwe m'chilimwe. Amati ndimachedwetsa chitukuko. Sindiwafotokozera.

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro ndinawoloka kamtsinje kukaona mayi uja. Anali atakalamba msanga, ndipo ndinamupeza akusenda mtedza. Ndinagwada n'kunena zonse. Anamvetsera osasiya kusenda.

"Wabwera kudzandiuza zimene ndinaona ndekha?" anatero. "Mapazi ako anali pafumbi, kuchokera pa khumi mpaka kumapeto. Amako anawaonanso. Anaimapo dala kuti awafufute."

Anaponya makoko pansi n'kupitiriza.

"Ndinkafuna iweyo. Koma munthu wobereka khanda samenyedwa, ndipo amako ankadziwa zimenezo kuposa ine."

Anandipatsa mtedza wodzaza manja awiri, ndipo ndinabwerera. Amayi sindinawauzepo za ulendowo, ndipo iwo sanandifunsepo za Lachitatu lija. Mlandu utatha amalume anabweza mwala, ndipo amayi anauika pakhomo. Nditawafunsa chifukwa chake anangoti, "Ndi wathu."

Nyengo imeneyo inatha motere. Mjigo umodzi, wakufa. Miyala makumi atatu ndi iwiri pansi pa nthaka, ndi umodzi pakhomo. Diso limodzi, mkono umodzi umene sunawongokenso, ng'ombe ziwiri. Mayi wa kutsidya anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, amalume miyezi inayi. Ana amene anaikidwa m'manda mvula isanagwe anali atatu, awiri kutsidya ndi mmodzi kwathu. Ndowa zimene ndinafuna kupezera nyumba yathu zinali ziwiri, ndipo sitinatunge ngakhale imodzi. Zonsezi ndinkatha kuziwerenga ndili ndi zaka khumi. Chimene sindinathe kuwerenga ndi mfundo ziwiri za pa chitenje cha amayi, ndi mbereko imene anandimanga wina aliyense asanalankhule. M'mawa umenewo ndinaganiza kuti akukonzekera kupopa madzi, ndipo ndinakwiya mumtima kuti andipatsa ntchito yobereka mwana.